Wigi ya Gray pa Msewu wa ku Iponga

"Kwezani mawu!" anakuwa Rahma, diso lili pakamera. Ankajambula filimu ya gulu lotsanzira oimba nyimbo za roko akunja, ndipo ankafuna liziimba lole imene anakwera ikuyenda.

Magitala anangoti zii. Lole inayamba kukwawa.

"Wakuuzani ndani kuti musiye?"

Gray, mtsogoleri wa gululo, anavula wigi yake n'kuigwira pachifuwa ngati chipewa. Dazi limene ulendo wonsewu ankakana kuti lijambulidwe linali pamtunda.

"Achemwali," ananong'ona, "taonani pansi."

Masamba aawisi anali atayalidwa mopingasa msewu. Pansi pa mtengo wa mango, abambo a pamaliro onse ankayang'ana Rahma, osati oimbawo.

Rahma anatsitsa kamera. Kagetsi kofiira kankayakabe, ndipo chala chake chinasowa pozimitsira.