Mzere Wofiira pa Mapu

Mayi anayala mapu patebulo, laisensi yawo yatsopano ili pambali. Anaphunzira kuyendetsa galimoto imvi zili mbuu, kuti akawaonetse amuna awo chigwa chotchuka cha maphompho maso a bambowo asanaferetu. Adokotala anati kwatsala chaka, ndiye ulendo anauika mwezi wamawa.

"Bambo, tidzagona apa, m'mawa n'kulowa m'paki momwe muli chigwacho. Mwauona mzere wofiirawu?"

"Bwinobwino," anatero bambo. "Koma pokhota apa musadzathamange. Ndimakudziwani inu!"

Bambo anaseka, akugogoda ndi chala. Chalacho chinali pansalu ya tebulo, kutali ndi mapu.

Mayi anayang'ana chalacho. Anakankha mapuwo pang'onopang'ono mpaka mzere uja unafika pansi pa chalacho.

"Sindithamanga," anatero. "Koma tinyamuke mawa lomweli."