Sitima Yatseka Njira ya Kumanda

"Chotsani chisitima chanuchi, tikufuna tikaike maliro!" anakalipa Lorna Petrak, mkulu wa apolisi m'katauni kena ka m'chigawo cha Kansas ku America. Sitima ya katundu inali itatseka msewu wa kumanda kuyambira m'mawa, uku bokosi la amalume ake likupsa ndi dzuwa m'galimoto.

Woyendetsa sitimayo anangoyasamula. "Mayi, njanji imamvera boma lalikulu la ku Washington basi. Inu a Kansas muzilamula ng'ombe zanu."

Lorna anaimbira foni woyendera njanji wa boma lalikululo, ndipo bamboyo analonjeza kuti abwera mothamanga.

Dzuwa litapendeka, bambo uja anaimbira Lorna foni mwaukali.

"Ndafika kalekale, mayi, koma ndakanika kuoloka. Pali chisitima chatseka msewu! Kodi apolisi a kuno mumagwira ntchito yanji?"