Chitenje Chofiira pa Mtengo wa Mango

Nsanja ya netiweki m'mudzi mwathu imagawa mofanana: foni iliyonse yoyaka imamwa gawo lake. Mawu amadutsa, koma nkhope zimakanika.

Mwana wanga Mwaiwawo atachira ku Joni, ndinkangomva kulira kwa khanda pa foni, chithunzi chili mbuu. Ndinapachika chitenje chofiira pa mtengo wa mango, monga timachitira munthu akafuna netiweki yonse. Nyumba ndi nyumba anazimitsa mafoni, koma chithunzi sichinayerebe.

"Atsala a Kachingwe," anatero amuna anga. "Akuonera mpira, ndipo sanaiwale kuti mbuzi zathu zinawadyera chimanga."

Tinangoona a Kachingwe atulukira, foni yozima m'manja.

"Tasunthani, mayi. Ndazimitsa penate asanamenye. Ndimuone mwanayo."

Pomwepo khandalo linayasamula, ndipo tinaona chilichonse, mpaka usinini.