Sing'anga Pakhomo la Opaleshoni

Chitseko cha chipinda cha opaleshoni chitatseguka, sing'anga anakankhira thumba lake la mizu pansi pa benchi ndi chidendene.

Dokotala anavula chophimba pakamwa. "Ndani wabwera nawo mayi odwala m'mimba aja?"

"Ndine, adokotala," anayankha sing'angayo. "Amafuna zitsamba, koma nditawagwira pamimba ndinaona kuti izi zandikulira."

"Munawamwetsa chilichonse?"

"Ngakhale madzi, ayi."

Dokotala anamugwira dzanja. "Mwachita bwino, bambo. Thumbo linatsala pang'ono kuphulika. Achira amenewa."

Sing'angayo anakhala pansi n'kuyamba kuseka yekha. Mwamuna wa mayiwo, yemwe anamulalatira njira yonse kuti ndi sing'anga wamantha, anasendera pafupi, maso ali pansi.

"Pepanitu, achimwene," ananong'ona. "Pakamwa pangapa mpoyabwa."