Chipewa cha Agogo a ku Wales

Mvula inayamba m'mawa ndipo masana inali isanaganize zoleka. M'nyumba ya a Zangaphee ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, munali anthu atatu, ndipo onse maso anali pakhoma.

Chithunzi chimene ankayang'anacho chinali chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Munali mwamuna wakuda wovala chipewa chachitali ngati mtondo ndi jekete lofika m'mawondo, atatsamira ngolo ya hatchi kutsogolo kwa tchalitchi cha miyala. Pamwamba pa ngoloyo panakhala mzungu wandevu zambiri, nkhope ili gwaa.

Mlendo anali a Hamilton, mphunzitsi wopuma ntchito wochokera ku katauni kena ka ku Wales, kamene dzina lake a Zangaphee analeka kalekale kuyesa kulitchula. Bamboyu ankatolera zithunzi zakale za kwawo. Anakwera sitima ulendo wonsewo chifukwa Martha, mwana wa a Zangaphee, anaika chithunzicho pa intaneti, ndipo a Hamilton anazindikira tchalitchicho nthawi yomweyo. Anati munthuyo ayenera kuti ndiye Mwafrika woyamba kuponda m'tauni mwawo. Komiti ya m'taunimo inali itagwirizana kale zokapachika chithunzicho muholo, pambali pa cha meya woyamba.

"Ayi," anatero a Zangaphee.

Martha sanadabwe. Bambo ake mawu ankawasunga ngati shuga wa alendo. Anafotokozera yekha mlendoyo, m'Chingerezi chake cha ku Glasgow, kuti amenewo ndi agogo. Malemu mayi ake, a Nelia, ankati ndi munthu wakalekale wa m'banja mwawo. Ndipo tsiku lililonse akamapukuta fumbi pagalasi la chithunzicho ankaseka mpaka kugwira khoma, mwina chifukwa chonyadira. Martha anali atauza kale mpingo wonse kuti agogo ake anali ndi ngolo yawoyawo ku Ulaya.

Kenako anabweretsa umboni: chipewa chenichenicho, chimene tsopano ankasungiramo mapegi oyanikira zovala. A Hamilton anachilandira ndi manja awiri. Anachinunkhiza, nanena kuti chikununkha mbiri.

"Ayi," anatero a Zangaphee.

A Hamilton anatulutsa kagalasi kokulitsira zinthu, n'kusendera kukhoma. Anakhalitsa pa mzungu wandevuyo. Mphuno imeneyo, iwo anati, ndi ya kwawo. Palibenso banja lina ku Wales konse limene lili ndi mphuno yokhota chonchi. Ameneyu ndi agogo awo, amene anamva kuti ankasunga mahatchi. Tangoganizani, agogo awiri pa chithunzi chimodzi, ndipo lero zidzukulu zakumana! Anapempha kansalu kopukutira misozi. Martha naye maso anafiira.

A Zangaphee anamwa tiyi wawo.

"Dadi, musatichititse manyazi," anatero Martha. "Munthu wachokera kutali. Mami akanalola."

Sanadikire yankho. Anakweza manja, n'kuchotsa chithunzicho pamsomali, n'kuyamba kuchikulunga m'chitenje. Pakhoma panatsala malo oyera a ngodya zinayi, pomwe paja a Nelia ankaima m'mawa uliwonse n'kumaseka. A Zangaphee anayang'ana malowo nthawi yaitali. Anaika kapu pansi. Anaimirira, n'kukhuthulira mapegi patebulo, n'kuvala chipewacho. Chinawakwana ndendende.

"Agogowo ndine," anatero. "Ndinafika kwanuko kalekale, sabata ya chikondwerero chanu chovala zamakedzana. Ndinkayesa ndi mmene mumavalira, ndiye ndinakagula zanga pa kaunjika, kuti ndijambulitse chithunzi chotumiza kumudzi. Wandevu zomatayo ndinu, a Hamilton. Munandikalipira kuti ndisatsamire ngolo ya eni."

Atatero anamasula chitenjecho, napukuta galasi ndi mkono wa juzi, napachikanso chithunzicho pamsomali wake.