Bawuti ya Ngolo Yathu

Pa Lirangwe aliyense akunong'ona kuti a Frazer, owotcherera zitsulo aja, akufuna achemwali anga a Naomi. Abale, lero ndadzionera ndekha!

Anabweranso kudzakonza ngolo ya ababa. Anayeza bawuti, kenako anazungulitsa kachitsulo kawo m'bowo, kudula mazinga atsopano. Bawutiyo inalowa myaa mpaka kumapeto, ine ndikuona.

Achemwali atangotulukira ndi madzi akumwa, a Frazer anaimasula msangamsanga n'kuiponya m'thumba.

"Bambo, mazinga sakugwirizana, sayizi yake ndi ina. Ndibweranso mawa."

"Mawa, mawa! Chimanga changa chikudyedwa ndi chiswe kumunda," anadandaula ababa.

Achemwali anangoluma mlomo, maso pansi.

Ine pakamwa pakundiyabwa kwabasi. Mukanakhala inuyo, mukanawauza ababa?