Chimene Chinkadya Pikapu ya a Sakala

Miyendo yokha ya Yosefe ndiyo inkaoneka. Thupi lonse linali kunsi kwa pikapu, chagada pa katoni, nyundo ikumveka kuti ngo, ngo, ngo. Kenako phwa! Zidutswa zofiira zinayoyoka ngati makoko a mtedza.

"Yabookanso, alamu," anatero Yosefe ali kunsi komweko. "Pomwe paja."

A Gerson Sakala anangoima atapinda manja pachifuwa, monga ankachitira m'kalasi mwana akayamba kunama. Anaphunzitsa sayansi ku Chiparamba zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito anagula pikapu yakaleyi kuti azikatenga mtedza ku Chipangali kudzagulitsa m'tauni. Injini inalibe vuto, inkalira ngati mkango. Koma tchasisi, chitsulo chachikulu chija chimene galimoto yonse imakhalapo, chinkadyeka ndi dzimbiri.

Aka kanali kachitatu chaka chomwecho. Koyamba, Yosefe, mlongo wa akazi awo komanso wowotcherera zitsulo wodziwika ku Kapata konse, anapala dzimbiri ndi bulashi ya waya, n'kudula powola ponse, n'kuwotchererapo chitsulo china, n'kupaka penti wofiira woteteza. Patatha miyezi itatu, dzimbiri linabwerera. Kachiwiri anachita zomwezo, n'kuwonjezera girisi ndi oyilo wakuda m'mabowo onse. Dzimbiri linabweranso, ulendo uno litanenepa.

A Sakala anali munthu woganiza mwa dongosolo. Dzimbiri limafuna chinyontho. Mvula inaleka mu Epulo, ndipo uno unali Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Fetereza anasiya kunyamula. Pamtsinje sankawoloka. Galimoto inkagona pa simenti, pansi pa malata. Ndiye chatsala n'chiyani? Munthu.

Umboni unabwera ndi a Andireya, oyandikana nawo nyumba, amene anadutsa kwa Yosefe Lamlungu lapitalo.

"Sindikunena kanthu ine, aphunzitsi," anatero a Andireya. "Koma geti la alamu anu lafiira bwino. Kufiira kwake komwe kuja kwa penti wanu."

Basi, nkhani inamveka. Penti weniweni anapita pa geti, ndipo kunsi kwa pikapu kunapakidwa zosungunula ndi parafini. Chitsulo nachonso mwina chinali cha bedi lakale. Lachisanu galimoto inkayenera kukapimidwa, ndipo ndi tchasisi chobooka chotere sakanailola kuyenda pamsewu. Mtedza ukanangofumbwa ku Chipangali.

"Alamu, tatulukani," anatero a Sakala. "Tikambe ngati amuna."

Yosefe anatuluka chokwawa, nkhope ili psuu ndi fumbi la dzimbiri. A Sakala anatulutsa kapepala m'thumba la malaya, n'kuvala magalasi. Milandu anali ataiika manambala.

"Choyamba, penti wanga munapita naye kuti?"

"Penti wanu? Si uyo ali kunsiko?"

"Chachiwiri, geti lanu linafiira liti?"

Yosefe anayang'ana kapepalako, n'kuyang'ana mwini wake.

"Ine? Kuba penti? Ndawotcherera ngolo za ng'ombe, mathiraki a thonje, ngakhale belu la tchalitchi chanu chomwe, palibe anabwerapo kudzandiwerengera milandu. Ndagona pansi pano katatu, msana ukupsa ndi simenti, chifukwa ndinu amuna a achemwali anga. Lero ndasanduka wakuba?"

"Chachitatu..."

"Chachitatucho mukawerengere ana a sukulu!"

Anayamba kuponya zida m'bokosi lake, sipanala, nyundo, bulashi, chilichonse ndi phokoso lake. Ananena kuti pakhomopo sadzapondaponso, kaya pagwe maliro, kaya ukwati wa Tamiwe, mwana wa a Sakala, umene unali pafupi. A Sakala anati zili bwino, owotcherera mu Chipata ndi ambiri. A Andireya anali atasuzumira kale pampanda, akunamizira kuthirira mpiru.

Phokosolo ndi limene linatulutsa mai Ketilina m'nyumba, akupukuta manja pachitenje. Anaima pakati pa mwamuna wawo ndi mlongo wawo.

"Mwayamba kudyana nokhanokha tsopano? Ndi zimene akufunazo!"

"Akufuna ndani?" anafunsa a Sakala.

"Ansanje, bambo a Tamiwe. Mukuganiza kuti onse anakondwa mutagula galimoto? Inu ndi sayansi yanuyo simungaone. Yosefe alibe mlandu. Galimotoyi anaiponyera zinthu, ndipo ine ndinadziwa kalekale. Ndinangokhala chete podziwa kuti mundiseka."

"Amake Tamiwe, nkhani pano ndi ya penti."

"Penti angaletse mfiti? Muzithokoza kuti muli ndi mkazi. Chigulireni galimotoyi, m'mawa uliwonse inu musanadzuke, ndimawaza madzi a mchere kunsi konseko, ngodya zonse, mpaka m'timabowo."

Yosefe anatula bokosi lake pansi pang'onopang'ono. Kapepala ka a Sakala kanagwa kokha.

"Koma anthuwa ndi amphamvu," anapitiriza mai Ketilina, akusuzumira pobooka paja ndi chisoni. "Kuyambira mawa ndiziwaza kawiri."